Tulo timandithera 2 koloko usiku chifukwa cha maganizo, ndingatani?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndaganiza zopempha nzeru pa nkhani imene yandisautsa kuyambira m'dzinja lapitali. Ndine bambo wa zaka 44, ndimaphunzitsa Sitandade 8 pasukulu ina ya pulayimale kudera la Bembeke kuno ku Dedza, ndipo monga anthu ambiri a kuno, ndimalimanso mbatata ya kachewere ndi nyemba kuti pakhomo pasamadalire malipiro okha.

Vuto langa ndi lakuti ndimagona bwinobwino cha m'ma 9 koloko, koma ikamakwana 2 koloko usiku ndimadzidzimuka ngati wina wandigwedeza, ndipo kuchokera pamenepo maso amakhala ali gwa mpaka atambala atayamba kulira. Nthawi yonseyo mutu umakhala ukuwerengera. Umayambira pa fizi ya mwana wanga woyamba amene ali kukoleji, n'kupita pa feteleza wa chaka chino, n'kudzafika pa ana a m'kalasi mwanga amene mayeso awo ayandikira pamene ena mwa iwo kuwerenga kukuwavutabe, kenaka n'kubwereranso pa fizi pomwe paja. Palibe chatsopano chimene ndimapeza pa kuwerengera kumeneku, chifukwa manambala ake ndi omwewo usiku uliwonse, koma ndimalephera kuleka.

Chimene chimandilemera kwambiri ndi ngongole. Chaka chatha mbatata yanga inagwidwa ndi chiwawu mvula itachuluka, moti ndinakolola zosakwana theka la zimene ndinkayembekezera. Pofuna kuti mwana asabwezedwe kusukulu, ndinakatenga K300,000 kwa munthu wina wa katapila, ndipo ngakhale ndakhala ndikupereka mwezi ndi mwezi, zimene ndimaperekazo zimangothera ku chiwongoladzanja. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga sanafikepo kumapeto kwa mwezi. Mayi a kunyumba sakudziwa za ngongoleyi. Sindinawauze chifukwa amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinaona kuti si bwino kuwasenzetsa katundu wina.

Masana ndimakhala wotopa, khosi ndi mapewa zitauma, mutu ukuwawa chakumbuyoku, ndipo chilungulira sichindisiya. Sabata yatha ndinakalipira mwana wina m'kalasi chifukwa chongogwetsa cholembera, ndipo nditaona mmene ananjenjemerera ndinachita manyazi kwambiri, popeza pa zaka 19 zimene ndaphunzitsa sindinakhalepo munthu wotero. Ndayesa kumwa botolo limodzi kapena awiri a mowa madzulo kuti ndigone msanga, ndayesanso kutenga foni n'kumawerenga za pa Facebook ndi WhatsApp tulo tikatha, koma sizikundithandiza.

Funso langa lili pawiri. Kodi pali zinthu zing'onozing'ono zosalira ndalama zimene munthu angachite payekha kuti maganizo otere achepe? Nanga ndingadziwe bwanji kuti zafika poti ndikaonane ndi achipatala? Ndikupempha kuti amene anadutsamo, kapena amene amadziwa za umoyo, andithandize.

Namwino wa ku Ntcheu:

Aphunzitsi, pepani ndi zimene mukukumana nazo, ndipo mwachita bwino kuzitulutsa. Ine ndine namwino pachipatala china kuno ku Ntcheu, ndipo anthu a vuto ngati lanu timawalandira kawirikawiri, kungoti ambiri mwa iwo satchula mawu akuti nkhawa. Amanena kuti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi mukuphwanya, ndipo amapempha kuti tiwayeze malungo. Malungo akapanda kupezeka amabwerera kwawo ali okhumudwa poganiza kuti achipatala sanawamvetse, chikhalirecho ululu umene akumvawo ndi weniweni, kungoti gwero lake lili kwina.

Munthu akaona choopsa, tinene kuti galu wolusa wamutulukira panjira, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timachititsa kuti mtima ugunde msanga, mpweya ukhale wam'mwambam'mwamba, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa ikungike, ndipo ntchito yogaya chakudya iyambe yaima, zonsezi n'cholinga choti munthuyo athawe kapena adziteteze. Galu uja akabwerera, thupi nalo limabwerera m'malo mwake. Tsoka lake n'lakuti thupi silisiyanitsa galu ndi ngongole. Mukaganiza za munthu wa katapila uja muli chigonere, thupi limakonzekera kuthawa pamene kulibe kothawira, ndipo ngongoleyo sibwerera monga abwerera galu. Khosi louma ndi chilungulira zimene mwatchulazo zikhoza kuchokera pamenepa.

Pa zonse zimene thupi limachita likakhala pa mantha, kupuma ndi kumene munthu angathe kukulamulira mwadala, n'chifukwa chake timayambira pamenepo. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno uku mukuwerenga mpaka 4, ndipo muonetsetse kuti imene ikukwera ndi mimba osati mapewa, kenaka muutulutse mofatsa mukuwerenga mpaka 6 kapena kupitirirapo. Mphamvu ya njirayi ili pa kutulutsako, chifukwa mpweya ukamatuluka pang'onopang'ono mtima umachepetsa liwiro. Chitani zimenezi kwa mphindi zisanu, ndipo musadikire kuti kude. Muzizichita masana, mwina musanalowe m'kalasi kapena ana akatuluka kukapuma, kuti pofika usiku thupi likhale litaizolowera kale njirayo.

China chimene ndikufuna muyese chimaoneka chachilendo, koma ndachiona chikuthandiza anthu. Maganizo amakupezani usiku chifukwa masana simuwapatsa mpata: m'mawa muli m'kalasi, masana muli kumunda, madzulo mukuchonga makope, ndipo nthawi yokhayo imene mutu umakhala wopanda chochita ndi 2 koloko ija. Patulani mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe, pa nthawi yomweyomweyo, ndipo mukhale pansi ndi kope ndi cholembera pamalo ena osati kuchipinda chogona. Lembani chilichonse chimene chikukudetsani nkhawa, ndipo pa chinthu chilichonse mudzifunse ngati pali chimene mungachitepo sabata ino. Mtengo wa feteleza simungausinthe, ndipo mvula simungailamule, choncho zimenezo muzilembe mbali yake n'kuzisiya. Koma kufunsa kukoleji ngati angakuloleni kulipira fizi pang'onopang'ono mungathe, kusankha ana asanu amene kuwerenga kukuwavuta kwambiri n'kumakhala nawo mphindi zochepa akaweruka mungathenso. Pa chinthu chotere lembani chimene muchite ndi tsiku lake. Usiku maganizo akabwera, dzikumbutseni kuti nkhaniyo yalembedwa kale ndipo nthawi yake ndi mawa 4 koloko. Masiku oyamba mutu sumvera, koma mukalimbikira kwa sabata ziwiri kapena zitatu umayamba kukhulupirira kuti nkhaniyo siiwalika, ndipo sukudzutsaninso pafupipafupi kuti ukukumbutseni.

Mukaona kuti papita mphindi pafupifupi 20 muli maso, dzukani. Ndikudziwa kuti ku Bembeke mu Juni ndi Julaye kutuluka m'bulangete usiku si nkhani yapafupi, koma fundani bulangete lomwelo mukakhale pampando pabalaza, pa kuwala kochepa, muwerenge kanthu kosatenthetsa mutu kapena mumvetsere wailesi motsitsa, ndipo mubwerere kukagona pokhapokha tulo titayamba kukugwirani. Cholinga n'chakuti mutu usazolowere kuti pogona ndi powerengera ngongole. Foni ikhale kutali, chifukwa uthenga umodzi wa maliro kapena wa kukwera kwa mitengo ndi wokwanira kukuchotserani tulo totsalato. M'mawa dzukani nthawi yanu ya masiku onse ngakhale mutagona pang'ono, ndipo musabwezere tulo masana kwa nthawi yaitali. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, koma usiku umodzi wosagona bwino suwononga munthu, choncho musawonjezere nkhawa ya tulo pamwamba pa nkhawa ya ndalama.

Za mowa ndinene mosapita m'mbali kuti ukhoza kukhala umene ukukudzutsani. Mowa umagonetsa msanga, koma mphamvu yake ikamatha m'thupi pakati pa usiku tulo timakhala tosakhazikika ndipo munthu amangodzukadzuka. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu nazonso zimakhalitsa m'thupi maola angapo, choncho muzimwa m'mawa osati madzulo. Kuyenda ndawala kumathandizanso; bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zimene ndi mphindi 30 pa masiku asanu.

Pa funso lanu lachiwiri, ndikupemphani kuti mupite kuchipatala chapafupi ngakhale sabata yomwe ino kuti akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa mutu wowawa, kutopa ndi mtima wothamanga zimayambanso ndi matenda ena, ndipo pa zaka 44 si bwino kungoganizira. Mukakafika mukafotokoze zonse monga mwalembera pano, za tulo ndi za maganizo zomwe. Ngati kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo mwakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukukomeraninso, chakudya sichikulowa, kapena ntchito yayamba kukukanikani, pamenepo njira za pakhomo zokha sizikwanira. Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani za maganizo zimathandizidwa ku Zomba kokha, koma m'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a St John of God, amene ali ndi zipatala za matenda a maganizo, ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Chomaliza ndichinene poyera chifukwa abambo ambiri amachibisa. Ngati tsiku lina mudzafika poganiza kuti kuli bwino kungochoka padziko, musadzagone nawo maganizo amenewo. Mudzauze munthu tsiku lomwelo, mudzapite kuchipatala, ndipo mankhwala opopera mbewu amene muli nawo pakhomo mudzawapereke kwa mbale kuti akusungireni.

Mayi wogulitsa mbatata pa Lizulu:

Aphunzitsi, zimene anena anamwinowa ndi zoona ndipo sindikuzitsutsa, koma ine ndikuona kuti muzu wa nkhaniyi sunakhudzidwe mokwanira. Kupuma bwino kukhoza kukhazika mtima pansi, koma m'mawa mukadzuka ngongole ija idzakhala ilipobe, ndipo chinsinsi chimene mukubisira mayi a kunyumba chidzakhala chilipobe. Ndikulankhula chonchi chifukwa ndinadutsamo.

Ine ndimapikula mbatata kwa alimi a ku Tsangano n'kumagulitsa pamsika wa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1. Zaka zitatu zapitazo galimoto imene inanyamula katundu wanga inafera panjira masiku awiri mvula ikugwa, ndipo pofika pamsika matumba ambiri anali atayamba kuola. Ndalama zimene ndinapikulira katunduyo zinali za ku banki m'khonde. Poopa manyazi ndinakalowa gulu lina lachiwiri n'kukongolanso kuti ndibweze koyamba kuja, ndipo bambo a kunyumba sindinawauze kanthu. Miyezi inayi yathunthu sindinagone bwino. Ndinkati ndikamva wina akuodira pakhomo mtima unkangoti phaa, poganiza kuti abwera kudzatenga ziwiya. Ndinaonda moti anzanga pamsika anayamba kunong'onezana kuti ndikudwala.

Bambo anadzamva nkhaniyi kwa anthu ena mu Disembala, nthawi yogawana ndalama itakwana, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri sichinali ndalamazo koma kuti mudzi wonse unadziwa iwo asanadziwe. Anakhala masiku atatu osandilankhula bwino. Tsiku lachinayi anandiuza kuti nditenge kope, ndipo tinalemba ngongole zonse ndi chiwongoladzanja chake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ndalamazo zitalembedwa papepala zinaoneka zochepa kusiyana ndi mmene zinkaonekera usiku. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, tinapita tonse kukaonana ndi gulu n'kugwirizana kabwezedwe kake, ndipo ngakhale kuti ndinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti ndimalize, tulo tinabwerera sabata yomwe ija imene tinalemba m'kope, ngongole isanathe n'komwe.

Choncho ine ndikuti auzeni mayi. Mukuti mukuwateteza chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, koma munthu amene mumagona naye chipinda chimodzi sangalephere kuona kuti mwamuna wake akungotembenuka usiku wonse, wayamba kumwa mowa madzulo ndipo sakuseka ndi ana. Iwo akudziwa kale kuti pali chinthu, ndipo popeza sakudziwa chinthucho, mwina akuganiza zoopsa kuposa ngongole, mwina akuganiza kuti pali mkazi wina kapena kuti mwapezeka ndi matenda. Kuli bwino amve kwa inu muli chikhalire pabwino, atamwa mankhwala awo, kusiyana n'kuti adzamve kwa wa katapila ataima pakhomo anthu akuona. Sankhani tsiku limene ana palibe, ndipo musapite ndi vuto lokha. Mupite ndi pepala losonyeza zimene munatenga, zimene mwabweza ndi zimene zatsala.

Kwa mwini ndalamayo pitani masana, ndipo mutenge munthu wamkulu woti akhale mboni. Mukapemphe kuti chiwongoladzanja chiime ndipo mugwirizane ndalama imodzi yomaliza, yolembedwa ndi kusainidwa. Ena amakana koma ena amavomera, chifukwa nawonso amafuna ndalama zawo zibwerere. Inu ndinu wogwira ntchito m'boma, choncho funsaninso ku SACCO ngati mungapezeko ngongole ya chiwongoladzanja chotsika yoti mutsekere ya katapilayo. Koma ngati mutero, ndalamazo zikachoke m'manja mwanu tsiku lomwelo kupita kwa mwini ngongole, chifukwa zikagona m'nyumba zimapeza ntchito ina, ndipo mudzapezeka muli ndi ngongole ziwiri monga ndinachitira ine.

Bambo opuma ntchito a ku Mtakataka:

Mwana wanga, ndikukutchulani choncho chifukwa ndili ndi zaka 71 ndipo nanenso ndinali mphunzitsi. Amayi awiriwa anena zambiri zothandiza, ndipo ine ndingowonjezera pa zimene zimatikhudza ife abambo.

Tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo mawuwa anali ndi ntchito yake pa nthawi ya zoopsa, koma amene anatiphunzitsa mawuwa anali ndi kokatula nkhawa zawo. Madzulo ankakhala pabwalo kapena pamoto ndi anzawo, ankapita kwa malume awo, ankakhala ndi ankhoswe amene ntchito yawo sinali kuweruza milandu ya banja yokha komanso kumva zimene zikuvuta. Ife tinasunga mawuwo koma malo otulirako nkhawa aja tinawataya. Mphunzitsi ndiye zake zimavuta kwambiri, chifukwa pamudzi aliyense amamuona ngati wolandira, ndipo amene ali ndi vuto amathamangira kwa iye, moti iye akakhala ndi vuto amasowa koloza. Pezani mwamuna mmodzi, osati gulu, amene mukudziwa kuti pakamwa pake ndi potseka, ndipo muzionana naye kamodzi pa sabata, kaya pa bawo kaya poyenda kuchokera kutchalitchi. Ngati kuwauza mayi kukukulemerani, ankhoswe anu akhoza kukhalapo, ngakhale ine ndikadakonda kuti muyambe mwalankhula awiriwiri.

Pa njala ya 2002 ndinali ndi ana asanu ndi mmodzi pakhomo, kuphatikizapo a mchemwali wanga, ndipo ndinkakhala maso usiku kuwerengera masiku otsala kuti chimanga chiche. Chimene chinandithandiza chinali kudzipatsa ntchito imodzi yokha ya tsiku limenelo, monga kukafuna gaga kumsika kapena kukaona dimba, ndipo ikatheka ndinkadziuza kuti za lero zatha. Za mwezi wa mawa ndinkazikana dala kufikira mwezi wa mawawo utafika. Ndikuona kuti n'zofanana ndi kope limene anamwino anena, kungoti ine ndinalibe amene anandiphunzitsa.

Za pemphero ndinenepo pang'ono, popeza ndikudziwa kuti ena adzakuuzani kuti mungopemphera basi. Ine ndimapemphera m'mawa ndi madzulo, ndipo pemphero limandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse. Koma musalole munthu kukuuzani kuti kusowa tulo kwanu ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, chifukwa mawu otere amangomuwonjezera munthu mlandu pamwamba pa katundu amene ali naye kale. Pempherani, ndipo kuchipatala mupite, kwa wa katapila mupitenso.

Pomaliza, mwana amene munamukalipira uja mumuitane pambali mumuuze kuti tsiku lija simunachite bwino. Ulemu wanu sutsika chifukwa cha zimenezo, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhani ya mwanayo ndi imodzi mwa zimene zimakudzutsani ngakhale simunaiwerengere pamodzi ndi fizi ndi feteleza.

Namwino wa ku Ntcheu:

Mayi a pa Lizulu, mwanena zoona, ndipo ndikuvomereza kuti ndinafulumira kudutsa pa nkhani ya chinsinsi. Kupuma ndi kope ntchito yake ndi kumupatsa munthu mutu wozizira woti athe kuchita zimene mwanenazo, chifukwa munthu amene sanagone sabata zitatu sangakambirane bwino ndi mkazi wake kapena ndi mwini ngongole. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi njira ya Friendship Bench imene dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Harare m'dziko la Zimbabwe mu 2006. Iye anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kuti azikhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka ndalama kapena mankhwala. Amamuthandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha choti achite pa limodzilo asanabwerenso. Njirayi inafika kale m'zipatala zina za kuno ku Malawi. Pa za mayi a kunyumba, aphunzitsi, munthu wodwala kuthamanga kwa magazi amene akumwa mankhwala ake mwandondomeko akhoza kumva nkhani yovuta ikanenedwa modekha, ndipo ngati mukukayika, pitani nawo limodzi kuchipatala akakuyezeni nonse awiri musanakambirane.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:

Ndabweranso patapita sabata zitatu kuti ndikuthokozeni nonse ndi kukuuzani pamene zinthu zafika. Kuchipatala tinapita limodzi ndi mayi monga munanenera. Shuga ndilibe, koma anandipeza kuti magazi akuthamanga pang'ono kuposa muyezo, ndipo anandiuza kuti ndichepetse mchere, ndisiye mowa, ndipo ndidzapitenso kuti akandiyezenso asanaganize za mankhwala.

Mayi ndinawauza Lamlungu madzulo ana atapita kwa agogo awo. Mayi a pa Lizulu, munalondola. Iwo anali ataona kale zonse, ndipo ankaganiza kuti ndapezeka ndi matenda amene ndikuwabisira, moti nditatchula za ngongole anayamba alira kaye, kenaka anandifunsa chifukwa chimene ndinawaonera ngati mlendo m'nyumba mwawo momwe. Funso limenelo linandipweteka, ndipo mpaka pano sindinganene kuti mtima wawo wakhazikika kwathunthu. Komabe usiku womwewo tinalemba zonse m'kope, ndipo ndi iwo amene anaganiza zoti tigulitse nkhumba imodzi ndi matumba awiri a nyemba zimene tinasungira mtengo wa mu Januwale. Kwa mwini ngongole ndinapita ndi mkulu wina wa kumpingo. Sanavomere kuchotsa chiwongoladzanja chonse, koma anavomera kuti chisapitirire kukwera ngati ndimaliza m'miyezi inayi, ndipo tinalemberana.

Mowa ndasiya, ndipo foni imagona pabalaza. Kope ndimalitsegula 4 koloko ndikaweruka, ngakhale masiku ena ndimaiwala. Kupuma kuja poyamba kunkandivuta chifukwa kuwerenga mpaka 6 kunkandibanikitsa, choncho ndinayamba ndi 3 pokoka ndi 5 potulutsa, ndipo tsopano ndazolowera. Sabata yathayi ndinadzuka usiku kawiri kokha, ndipo ulendo umodzi ndinagonanso pasanathe ola. Bambo a ku Mtakataka, mwana uja ndinamuitana ndipo ndinamupepesa. Sanayankhe kanthu, koma mawa lake anakweza dzanja m'kalasi koyamba chichitikireni zija. Munthu woti ndizicheza naye sindinamupezebe, ngakhale pali mphunzitsi mnzanga wa pasukulu yoyandikana nayo amene ndikuganiza zomuyendera Loweruka likubwerali.

Anamwino, ndili ndi funso lina laling'ono. Tsiku limene ndadzuka usiku, masana ndimagwidwa ndi tulo kwambiri cha m'ma 2 koloko ndikangoweruka. Kodi kugona mphindi zochepa nthawi imeneyo kungasokoneze zimene ndayambazi, kapena ndizingopirira mpaka madzulo?